Kugogoda Ufa ndi Kuwala

Amayi sankagula mbiya asanaigogode. Pamsika wa ku Balaka ankainyamula ndi dzanja lamanzere, n'kuimenya pang'ono ndi mfundo ya chala chapakati, kenako n'kupendeketsa mutu ngati munthu amene akumvetsera zonong'ona. Ikalira kuti ngwee, liwu lake n'kukhalitsa kamphindi, ankayamba kunenerera mtengo. Ikalira mogontha ankaibwezera pansi mwaulemu osanena kanthu, ngakhale ikhale yosalala chotani. Mng'alu wina suoneka ndi maso. Ndili mwana ndinkayesa kuti n'chizolowezi chabe cha akuluakulu. Patapita zaka zoposa 20, ndili m'chipinda chamdima cha labotale ina ku South Africa, ndinazindikira kuti ntchito imene ndinkaphunzira inali yomweyo, kungoti ine ndinkagogoda ndi kuwala, ndipo chimene ndinkagogodacho chinali ufa.

Ufawo dzina lake ndi cerium oxide, koma amene amaugwira tsiku ndi tsiku amangoti ceria. Ndi woyera mopendekera ku chikasu, ngati ufa wa soya. Sununkha, susungunuka m'madzi, ndipo ukauona m'kabotolo sungaganize kuti uli ndi nkhani iliyonse. Timautapa pang'ono, wosadzaza n'komwe nsonga ya supuni, n'kuuyala pa kagalasi pansi pa maikulosikopu. Tikatseka chitseko cha makina timayatsa leza yobiriwira, nyale imene kuwala kwake n'kwa mtundu umodzi wokhawokha, ndipo kadontho kake pa ufapo n'kochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi. Pakapita masekondi angapo, pa kompyuta pamabwera mzere wogona, wathyathyathya ngati dambo, ndipo pamalo amodzi okha umadzuka n'kupanga nsonga yaitali, yosongoka. Nsongayo imaima pa nambala 465. Aliyense amene anagwirapo ceria amaidziwa nambala imeneyi monga mmene munthu amadziwira mawu a m'bale wake mumdima.

Njirayi imatchedwa Raman spectroscopy. Kuwala kukagwa pa chinthu n'kumwazika, pafupifupi konse kumabwerera ndi mtundu umene kunapita nawo: kobiriwira kumabwerera kobiriwira. Koma kagawo kochepa zedi, mwina kamodzi pa magawo 10 miliyoni, kamasiyako mphamvu pang'ono m'chinthucho, n'kubwerera mtundu utasintha. Mphamvu yotsalayo yapita kukagwedeza maatomu. Ndiye popeza maatomu a chinthu chilichonse ali ndi kagwedezekedwe kawokawo, malinga ndi kulemera kwawo ndi mmene anagwiranirana, kusintha kwa mtunduko kumatiuza amene wagwedezeka. Makina amatchinga kuwala kochuluka kuja, n'kutenga kochepako n'kukuyala motsatira mitundu yake. Ndimakondwa kuti liwu lakuti leza, ngakhale n'lobwereka, linafikira pafupi ndi utawaleza wathu, chifukwa chimene makinawo amapanga m'kati mwake ndi kautawaleza kofooka kamene diso silingakaone. Nambala monga 465 ndi muyezo wa mphamvu imene yatsala, m'kawerengedwe kotchedwa wavenumber.

Dzinalo ndi la Chandrasekhara Venkata Raman wa ku India. Pa 28 February 1928, ku Calcutta, iye ndi wophunzira wake K. S. Krishnan anatsimikiza kuti kuwala kosinthika mtunduku kulipodi. Leza kunalibe, inadzabwera mu 1960. Iwo anayamba ndi dzuwa, magalasi osefa mitundu ndi maso awo, kenako nyale ya mercury. Raman analandira mphoto ya Nobel mu 1930, ndipo dziko la India limakumbukirabe tsikulo chaka ndi chaka monga tsiku la sayansi. M'masabata omwewo, ku Moscow, Grigory Landsberg ndi Leonid Mandelstam anaona zomwezo m'mwala wa quartz. Ndikaganiza za anthu amenewa, atakhala mumdima kudikira kuti maso azolowere kuti aone kuwala kumene ine makina amandipatsa m'masekondi khumi, ndimawapatsa ulemu waukulu.

M'kati mwa ceria maatomu anakhala mwadongosolo lochititsa kaso. Atomu iliyonse ya cerium yazunguliridwa ndi maatomu 8 a okosijeni, okhala ngati pa ngodya za bokosi, ndipo okosijeni aliyense wagwira ma cerium 4. Dongosololi n'lofanana mbali zonse, moti pa mitundu yonse ya kugwedezeka imene ilimo, umodzi wokha ndi umene umaloledwa kumveka bwino pa Raman. Ndi umene okosijeni amasuntha cerium ali phee pakati. Akatswiri amautcha F2g, ndipo ambiri amaufotokoza ngati kupuma kwa bokosi la okosijeni mozungulira cerium. Ndiyo 465 ija. Ceria wangwiro ali ndi liwu limodzi loyera, ngati mbiya imene amayi akanaigula.

Apa m'pamene njira yanga imapatukana ndi ya amayi. Iwo ankagogoda kuti akane yong'aluka. Ife timagogoda kusaka mng'alu, chifukwa ndi umene uli ndi phindu. Cerium ali ndi khalidwe limene zitsulo zambiri za m'banja lake zilibe: amatha kukhala Ce4+ kapena Ce3+, n'kumasinthasintha mosavuta. Pamalo pakasowa okosijeni, ceria amatulutsa wake wina n'kupereka. Atomu ya okosijeni ikachoka imasiya maelekitironi awiri, amene amakakhala pa ma cerium awiri apafupi n'kuwasandutsa Ce3+, ndipo pamene inali pamatsala mpata. Nyumba sigwa ayi. Okosijeni akachulukanso kunja, ceria amamutenga n'kutseka mipata ija. Ndi nkhokwe, yolandira pokolola n'kupereka m'miyezi ya njala.

N'chifukwa chake ceria amapezeka m'kabokosi ka pa paipi ya ekizozi ya galimoto, kotchedwa catalytic converter. Platinum, palladium ndi rhodium za m'menemo zimayeretsa utsi bwino pokhapokha mpweya ndi mafuta zikalingana, koma injini imangosinthasintha, pano mafuta achuluka, pano mpweya wachuluka. Ceria, kawirikawiri wosakaniza ndi zirconia, ndi amene amasalaza kusinthasinthako. N'zosadabwitsa kuti imodzi mwa nkhani zofufuza zimene wophunzira aliyense wa phunziroli amayambira inalembedwa mu 1993 ndi Weber, Hass ndi McBride, a mu labotale ya kampani ya magalimoto ya Ford. Ndipo n'zosadabwitsanso kuti ku South Africa, kumene kumakumbidwa platinum wochuluka kuposa dziko lina lililonse ndiponso kuli mafakitale a timabokosi timeneti, anthu amauganizira ufa wachikasuwu.

Ntchito yanga inali yopanga ceria wa timibulu ting'onoting'ono, timene amati nanoparticles. Nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa kamiliyoni. Tsitsi la munthu limanenepa nanomita pakati pa 50,000 ndi 100,000, pamene timibulu tanga tinali tosakwana 10. Kapangidwe kake ndimakakondabe mpaka lero. Umasungunula cerium nitrate m'madzi, madziwo n'kukhala oyera mbee ngati akumwa. Ukamadonthezamo ammonia uku ukutakasa, mumabadwa matope oyererako, amene amasanduka apepo, kenako pang'onopang'ono n'kukhala achikasu pamene cerium akulandira okosijeni wa mumpweya. Umatsuka matopewo, kuwaumitsa, n'kuwawotcha mu uvuni. Moto ukachepa timibulu timatsala tating'ono. Ukauwonjezera timamatirirana n'kukula. Timafuna tating'onoto chifukwa maatomu ake ambiri amakhala kunja, pakhungu pa kam'bulu, pamene okosijeni savuta kuchoka.

Timibulu tikachepa, liwu la 465 limasintha. Jonathan Spanier ndi anzake a pa Columbia University ku New York anazionetsa bwino mu 2001, poyeza timibulu ta misinkhu yosiyanasiyana mpaka ta nanomita pafupifupi 6. Nsonga ija imasendera ku nambala zocheperako, imatambalala, ndipo imapendekeka n'kumera mchira kumanzere. Zifukwa zake n'zolukanalukana. Ce3+ ndi wamkulu kuposa Ce4+, choncho iye ndi mipata akachuluka dongosolo lonse limatanuka pang'ono, ndipo maatomu akatalikirana amagwedezeka mochedwerapo, monga waya wa gitala akakhwefuka amalira motsika. Kugwedezekako kumapanikizikanso m'kam'bulu kopanda malo okwanira. Komanso mu ufa umodzi timibulu sitilingana, ndiye chimene timamva ndi mawu a khamu, aliyense wosiyanako pang'ono ndi mnzake.

Zonsezi ndinaziwerenga n'kuzisunga pamtima, ndipo ndinkalakalaka nditaziona pa ufa wanga. Usiku wina ndinayeza umene ndinauvutikira kwa milungu itatu. Nsonga inabwera pa 458, yotambalala, ya mchira wake wokongola. Mtima unandigunda. Mwa kuwerenga kwanga, kutsika kwa manambala 7 kunatanthauza kuti ndapanga ceria wodzaza mipata kuposa wina aliyense amene ndinapangapo. Ndinabwereza kawiri, zinatuluka zomwezo. Ndinagona mochedwa ndikuluka kale m'mutu ziganizo za lipoti.

M'mawa ndinakaonetsa bambo wina wachikulire amene ankasamalira makinawo. Anayang'ana galafuyo kwa nthawi, osamwetulira, osakwinya nkhope.

"Mwana wanga, leza unaiika pa mphamvu yanji?"

"Yonse, bambo. Ndimafuna nsonga ioneke bwino."

"Tiye tikayezenso. Uyambe ndi gawo limodzi pa 100."

Pa mphamvu yochepayo mzere unatuluka wonjenjemera, ndipo tinadikira mphindi zingapo m'malo mwa masekondi. Nsonga inaima pa 463. Tinawonjezera mphamvu pang'ono, inasendera. Tinawonjezeranso, inasenderanso, mpaka inafika pa 458 paja. Ufa wa timibulu totere sutaya kutentha msanga, chifukwa timibuluto timangokhudzana apo ndi apo, pakati pake pali mpweya. Leza yanga inkatenthetsa kadontho kaja ndi madigiri oposa 100, maatomu n'kutalikirana chifukwa cha kutenthako, liwu n'kutsika. Chimene ndinamva usiku uja sichinali mipata ya mu ufa. Chinali chala changa chomwe, chimene chinagogoda mopitirira muyezo.

Bambowo sanandiseke. Anangoti, "Kuchoka pa 465 kufika pa 463, kumeneko n'kwenikweni, n'kwa ufa wako. Gwira kumeneko." Ndinakhumudwa masiku angapo, sindibisa, chifukwa manambala awiri ankaoneka ochepa kwa munthu amene anagona ali ndi 7. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene anaseweretsapo nkhono amadziwa chifukwa chake: ukangoikhudza imabweza masowo m'kati, n'kukusiya ukuyang'ana chinthu chimene iwe mwini wachisintha.

Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti nambala imodzi ikhoza kukhala ndi makolo ambiri. Kuchepa kwa timibulu kumatsitsa nsonga, kutentha kumaitsitsa, atomu yachilendo yaikulu monga lanthanum ikalowamo imaitsitsanso, pamene zirconium, amene ndi wamng'ono kuposa cerium, amaikweza. Makinawo nawonso amatha kusendera paokha, n'chifukwa chake m'mawa uliwonse timayamba ndi kachidutswa ka silicon, kamene liwu lake liyenera kugwera pa 520.7, tisanakhulupirire china chilichonse. Galafu ya Raman sinama, koma sidzimasulira yokha. Pabwalo la mfumu mlandu suthera pa mboni imodzi, ndipo ine sindinenanso kukula kwa timibulu ndisanafunse X-ray diffraction ndi maikulosikopu ya maelekitironi. Ngakhale njira ina yotchedwa XPS, imene ambiri amaidalira powerenga Ce3+, ili ndi nthenda yofananayo: cheza chake, m'chipinda chopopedwa mpweya, chimatha kubala Ce3+ amene kunalibe.

Koma funso limene ndakhala nalo nthawi yaitali kuposa onse ndi ili: mpata umamveka bwanji? Pamene palibe atomu palibe chogwedezeka. Malo opanda kanthu salira.

Yankho ndinalimvetsa pokumbukira mtondo. Kwathu amayi ndi ang'ono awo awiri akamakonola chimanga pamtondo umodzi, misi itatu inkagwa motsatizana, thi, thi, thi, osawombana. Ife ana tikusewera kuseri kwa nyumba tinkadziwa mmodzi akachoka kukayang'ana mphika pamoto. Wochokayo sitinkamumva, tinkamva otsalawo. Pankakhala kampata pamene panayenera kugwa musi wachitatu, ndipo awiriwo ankasintha kagundidwe kuti agwirizanenso. Mu ceria zili chimodzimodzi. Okosijeni mmodzi akachoka pa bokosi la 8 lija, 7 otsalawo amasendezeka pang'ono, kufanana kwa mbali zonse kuja kumasweka, ndipo kugwedezeka kumene kale kunali kosaloledwa kumveka kumayamba kumveka. Pa galafu kumaoneka ngati kachulu kotambalala kumanja kwa nsonga yaikulu, pakati pa 550 ndi 600. Kachulu kameneko ndi kamene timagonera mochedwa.

Ukaika gadolinium kapena samarium m'malo mwa cerium wina, mipata imabadwa mwadala, umodzi pa maatomu awiri alionse achilendo, ndipo kachulu ka cha pa 550 kamakula. Ceria wotero amalola okosijeni kuyenda m'kati mwake podumpha kuchoka pampata wina kupita pa wina, n'chifukwa chake amagwiritsidwa ntchito mu solid oxide fuel cell, makina opanga magetsi kuchokera ku gasi popanda lawi la moto. Za kachulu ka cha pa 600, akatswiri amakokanabe. Ena amakagwirizanitsa ndi mipata yoyandikana ndi Ce3+. Ena amati ndi okosijeni amene sanatuluke n'komwe m'kam'bulu, anangochoka pamalo pake n'kukakhala pakona ina yapafupi imene sinali yake. Maganizo achiwiriwa ndi amene Zili Wu ndi anzake a ku Oak Ridge National Laboratory ku America anatsatira mu 2010, pamene anayerekezera timibulu tonga timitengo, tonga timabokosi ndi ta nkhope 8, n'kupeza kuti tonga timitengo ndi timene tinali ndi zilema zambiri. Anaunikanso ndi leza ya ultraviolet, ya nanomita 325, imene ceria amaimwa msanga moti imathera pakhungu. Pa leza imeneyo kachulu kaja kamakula kwambiri, kosiyana kutali ndi mmene kamaonekera pa yobiriwira. Ufa ndi womwewo, koma zithunzi n'ziwiri.

N'chifukwa chake ndimamva chisoni ndikaona munthu wagawa kutalika kwa kachulu ndi kutalika kwa nsonga n'kulengeza kuti wawerenga mipata. Chiwerengero chimenecho n'chothandiza poyerekezera ufa wako wa Lolemba ndi wa Lachinayi, pa makina amodzi, leza imodzi, mphamvu imodzi. Kupitirira pamenepo n'kuiika galafu mawu m'kamwa.

Tsiku limene ndinaikonda ntchitoyi ndi mtima wonse ndi limene tinaika ufa m'kabokosi kachitsulo ka zenera, kamene kamatenthetsa ndi kulowetsa mpweya uku leza ikuyang'ana. Tinakweza kutentha kufika pa madigiri 400, n'kulowetsa hydrogen wosakaniza ndi argon. Ndikuonerera, ufa wachikasu uja unayamba kuda, n'kukhala wotuwa mopendekera ku buluu. Nsonga ya 465 inafupika, chifukwa ufa wakuda umamwa kuwala. Tinauziziritsa usanakhudzane ndi mpweya wakunja, kenako tinatsegulira okosijeni. Chikasu chinabwerera pafupifupi nthawi yomweyo, ndipo pa galafu panamera kanthu kamene kunalibe kale, cha pa 830. Kameneko ndi peroxide: maatomu awiri a okosijeni ogwirana, amene afika kuchokera mumpweya n'kukhala pampata, atalandira maelekitironi kwa Ce3+. Kukazizira kwambiri pamaonekanso superoxide cha pa 1130. Titatenthetsanso, kanthuko kanazimiririka, chifukwa awiri aja analekana, mlendo n'kulowa m'dongosolo n'kukhala mwini malo. Za nkhokwe ya okosijeni ndinali nditawerenga kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndinaiona ikutsegulidwa n'kudzazidwanso pamaso panga, mu ufa umene ndinautakasa ndi manja anga. Ndinatuluka m'chipindamo kunja kutada kale, njala osaimva.

Kupereka ndi kulandira okosijeni komweko ndi kumene akatswiri a ku ETH Zurich, motsogozedwa ndi Aldo Steinfeld, anakumangira makina: amasonkhanitsa dzuwa ndi magalasi, kutenthetsa ceria kufika pa madigiri pafupifupi 1,500 kuti ataye okosijeni, ndiye akamazizira amalanda okosijeni ku madzi ndi ku carbon dioxide, n'kusiya hydrogen ndi carbon monoxide zopangira mafuta a ndege. Aliponso amene akufufuza ngati timibulu ta ceria tingateteze maselo a m'thupi, popeza timatha kuchotsa superoxide ndi hydrogen peroxide monga amachitira ma enzyme ena. Apa ine ndimafuna tiziyenda pang'onopang'ono. Ufa wopangidwa m'malabotale awiri ukhoza kukhala ndi dzina limodzi koma khungu losiyana, ndipo zotsatira za kafukufuku wotero zakhala zikusiyana, wina kuona chitetezo, wina kuona maselo akuvulala. Chinthu chimene anthu akuganiza zochilowetsa m'thupi la munthu chiyenera kugogodedwa mosamala kuposa mbiya iliyonse.

Cerium anapezeka mu 1803, m'mwala wochokera ku mgodi wa Bastnäs ku Sweden. Jöns Jacob Berzelius ndi Wilhelm Hisinger anamupeza kumeneko, Martin Heinrich Klaproth n'kumupezanso payekha ku Germany, ndipo dzina linachokera kwa Ceres, kadziko ka mumlengalenga kamene Giuseppe Piazzi anali atangokaona mu 1801. Ali m'gulu la rare earths, dzina lopereka chithunzi cha chinthu chosowa, koma cerium sasowa: m'nthaka ya dziko lapansi alipo wochuluka mofanana ndi kopa. Tonse tinamugwirapo. Ali m'kamwala kothetheka ka mu laita, ndipo ufa wake ndi umene amapukutira magalasi kuti asalale.

Ine ndinakulira pafupi naye osadziwa. Kum'mwera kwa tawuni ya Balaka kuli phiri la Kangankunde, ndipo m'miyala yake muli monazite wobiriwira, mwala wa phosphate umene pa ma rare earth ake onse wochuluka ndi cerium. Ku Songwe, m'boma la Phalombe, kuli phiri lina la mtundu womwewo. Amene amafuna miyala imeneyi maso awo ali pa neodymium ndi praseodymium, zopangira maginito amphamvu a magalimoto amagetsi ndi a makina opukusa magetsi ndi mphepo. Cerium amangotuluka nawo, wambiri, wotsika mtengo, ngati madeya pokonola. Kuyenga kwakukulu kwa miyala yotere kumachitikira ku China. Kabotolo ka cerium nitrate kamene ndinkatapamo kanachokera kutsidya kwa nyanja, katalembedwa bwinobwino kuyera kwake, ndipo nthawi zambiri ndikakanyamula ndinkaona phiri lija m'maganizo. Sindikunena kuti dziko lililonse lizichita zonse lokha. Koma kugulitsa mwala n'kwina, kuudziwa mwala n'kwina, ndipo kudziwako kumayambira pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi: makina amodzi osamalidwa bwino, kachidutswa ka silicon, ndi munthu amene anaphunzira kuti 458 ikhoza kukhala kutentha chabe. Madeya amene ena amataya, wodziwa amawetera nkhuku.

Patchuthi china ndinapita kumudzi. Amayi anandifunsa, monga amachitira nthawi zonse, kuti kodi kwenikweni ndimagwira ntchito yanji kumeneko.

"Ndimagogoda ufa ndi kuwala, amayi, monga mmene inu mumagogodera mbiya."

Anaganiza kaye. "Ndiye yong'aluka mumaitaya?"

"Ayi, amayi. Yong'alukayo ndi imene timaifuna."

"Basi uziimvetsera bwino, mwana wanga," anatero. "Mng'alu wina ndi wa woumba, wina ndi wa wonyamula."

Pobwerera, msuweni wanga anandipatsa kamwala kakang'ono ngati nyemba kamene anatola cha kufupi ndi phirilo, kotuwa, ka timadontho tobiriwira. Ku labotale ndinayamba ndi silicon, n'kupeza 520.7. Ndinaika kamwalako, ndinasankha kadontho kamodzi kobiriwira, leza pa gawo limodzi pa 100. Nsonga yaitali inamera cha pa 970, liwu la phosphate wa mu monazite. Panali nsonga zina zimene zinasowa nditachoka pa leza yobiriwira kupita pa yofiira. Zimenezo sikunali kugwedezeka kwa maatomu, kunali kunyezimira kwa ma rare earth eniakewo. Ndipo kumanzere, yaifupi koma yooneka bwino, panali nsonga pa 465.

Dzanja linali litayamba kale kulemba kuti ceria. Ndinaima. Phosphate wa mu monazite amapindika pafupifupi pa nambala yomweyo, ndipo quartz, mwala wa mumchenga wamba, womwe uja Landsberg ndi Mandelstam anauunika ku Moscow, umalira pa 464. Ndinasuntha leza kupita pa kadontho kena, kenako kenanso, kuyang'ana ngati 465 ikukwera ndi kutsika limodzi ndi 970. Inkatero. M'kope langa ndinafufuta liwu lija n'kulemba: Kangankunde, kadontho kobiriwira koyamba, monazite.